BP SIPWETEKA, IMANGOGWETSA: ZIMENE NDINAPHUNZIRA MOCHEDWA



Phunziro la sabata ino ndi lalitali pang'ono. Ngati muli pantchito kapena bandulo ili pafupi kutha, lisungeni, muwerenge madzulo mutakhala pansi. Tikambirana za BP, matenda a kuthamanga kwa magazi. Ndikudziwa kuti ena mwanena kale mumtima kuti, "Aaa, zimenezo n'za agogo." Inenso ndinkatero. Ine si dokotala, ndimagwira ntchito pakabenchi kotumizira ndalama pa foni ndi kugulitsa machaja ku Limbe. Zimene ndilembe apa ndi zimene zinachitika m'banja mwathu, zimene anandifotokozera kuchipatala, ndi zimene ndinawerenga pambuyo pake n'kukafunsanso kwa odziwa.

Mmene zinayambira

Banja lathu lili ndi gulu la WhatsApp, ngati mabanja ambiri. Mumakhala za maliro, za ukwati, zosonkha ndalama, ndi mauthenga aja ongotumizirana. Tsiku lina makasitomala atachepa, ndinamvetsera voice note ya mphindi zisanu ndi imodzi imene mnzanga ananditumizira. Wolankhulayo anali ndi mawu odekha, a munthu wophunzira. Ankati ndi dokotala amene anagwirapo ntchito kunja, koma dzina lake sanatchule. Uthenga wake unali wakuti mapiritsi a BP amawononga impso, ndipo munthu akamamwa madzi otentha othira adyo ndi mandimu m'mawa uliwonse kwa masiku 21, BP imatheratu.

Nthawi yomweyo ndinakumbukira malume anga ku Mangochi. Anali ndi zaka 54, ali ndi kagolosale kawo, ndipo anali atamwa mapiritsi a BP kwa zaka zitatu. Nthawi zonse ankadandaula za mzere wa kuchipatala ndi kutseka golosale tsiku lonse. Ndinatumiza voice note ija kugulu, n'kulemba pansi pake kuti, "A Malume, mverani iyi." Madzulo anayankha kuti, "Zikomo mphwanga, tiyesa." Ine ndinasangalala kuti ndathandiza. Sindinafunsenso.

Patapita miyezi inayi, m'mawa wina atabwera kuchokera ku swala ya Fajr, kapu ya tiyi inawagwa m'manja. Pakamwa panapotoka, mawu anayamba kutuluka osamveka. Apabanja anaganiza kuti ndi kutopa. Anawagoneka, kuwasisita dzanja, kudikira kuti mwina zisintha. Anafika nawo kuchipatala dzuwa litapendeka kale.

Ine ndinafika mawa lake. Ndinali nditaima pambali pa bedi pamene dokotala ankatsegula kabuku kawo ka kuchipatala. Anafunsa kuti, "Mayi, mankhwala anatenga komaliza miyezi inayi yapitayo. Chinachitika n'chiyani?" Akazi awo a malume anayankha mosalingalira aliyense choipa kuti, "Anasiya, adokotala. Anamva pa foni kuti mapiritsi amawononga impso, ndiye ankamwa adyo."

Abale, sindinaonepo chipinda chikuchepa ngati tsiku limenelo.

Alhamdulillah, malume ali moyo. Koma dzanja lamanja siligwira, mwendo amachita kukoka, ndipo mawu amatuluka pang'onopang'ono. Golosale akuyendetsa ndi mwana wawo wamkulu amene anali pakati pa kozi yake. Nditawapepesa, anandigwira ndi dzanja lamanzere n'kunena kuti, "Usadzizunze mphwanga, ndinasankha ndekha." Ndi mtima wawo wabwino umenewo. Koma ine ndikudziwa chala chimene chinadina batani lija.

Tsiku lomwelo namwino wina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu achimwene, munayezetsako liti?" Ndinaseka, ndinati ine ndili ndi zaka 31, ndilibe vuto. Anati, "Khalani apa." Makina anaonetsa 152/96. Anati mwina ndi nkhawa ya tsikulo, ndikayezetsenso patapita sabata. Ndinakayezetsa ku Blantyre: 148/94. Mutu sunkandipweteka, chizungulire ndinalibe, mpira wa Lamlungu ndinkasewera bwinobwino.

1. Kodi manambala awiri aja amatanthauza chiyani?

Mtima ndi pampu. Umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, ndipo kugunda kulikonse kumakankha magazi m'mitsempha. BP ndi mphamvu imene magaziwo akukankhira makoma a mitsempha. Nambala yapamwamba ndi mphamvu ya pamene mtima wafinya. Yapansi ndi ya pamene mtima ukupuma pakati pa kugunda kuwiri. Kwa munthu wamkulu, cha m'ma 120/80 ndi pabwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu ali ndi matendawa ngati atayezedwa masiku awiri osiyana, nambala yapamwamba yafika 140 kapena kupitirira, kapenanso yapansi yafika 90 kapena kupitirira. Imodzi yokha mwa ziwirizi ikakwera, n'zokwanira.

Onani kuti dzina lathu lija, "kuthamanga kwa magazi", limatisokoneza pang'ono. Ena amaganiza kuti ndi kugunda kwa mtima mofulumira. Ayi. Mtima utha kumagunda modekha BP ili pa 170. Ganizirani paipi ya madzi imene mwaifinya kumapeto: madzi ndi omwewo, koma mphamvu ya mkati yakula. Paipiyo ikakhala choncho zaka ndi zaka, imayamba kuuma, kung'aluka kapena kutsekeka. M'thupi, malo amene amavulala kwambiri ndi ubongo, mtima, impso ndi maso, chifukwa muli timitsempha tating'onoting'ono.

Usiku wina tulo titandithawa ndinayamba kufufuza kuti anthu anayamba bwanji kuyeza BP. Woyamba kulemba za muyeso wake anali m'busa wina wa ku England, Stephen Hales, m'chaka cha 1733. Analumikiza chubu chachitali cha galasi kumtsempha wa hatchi, magazi n'kukwera m'chubumo kupitirira mamita awiri. Lamba uja amatikulunga pamkono anabwera ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896. Mu 1905 dokotala wa ku Russia, Nikolai Korotkoff, anapeza kuti ukamvetsera mtsempha pamene mpweya wa mu lamba ukutuluka, umamva pamene kugunda kwayambira ndi pamene kwathera, ndipo apo ndi pamene pamachokera manambala awiri aja. Ndinawerenganso kuti BP ya kadyansonga imakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri ya munthu, kuti magazi akwere khosi lonse lija. Kwa iyeyo ndi mmene analengedwera. Ifeyo mitsempha yathu siinapangidwire zimenezo.

Chimene chinandipweteka ndi ichi: intaneti yomweyo imene inandiphunzitsa zonsezi usiku umodzi ndi imene inandipatsa voice note ija. Kusiyana kwake kunali kwakuti ulendo uno ndinkafunsa kuti wanena ndani.

2. Chifukwa chiyani munthu samva kanthu?

BP imakwera pang'onopang'ono, thupi n'kumazolowera. Anthu ambiri amene ali nayo alibe chizindikiro chilichonse. Zija timati "BP yanga yakwera, mutu ukupweteka" nthawi zambiri ndi kungoganiza. Mutu utha kupweteka BP ili bwino, ndipo BP itha kukhala pamwamba mutu uli phee. Njira yodziwira ndi imodzi basi, kuyezetsa.

Padziko lonse, akuluakulu oposa 1 biliyoni ali ndi matendawa, ndipo pafupifupi theka sadziwa. Kuno kwathu, kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliyense anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa kapena sanali pa mankhwala. Onani pamene zaka zija zayambira: 25. Si agogo amenewo, ndi ifeyo. Lachisanu likubwerali muyang'ane mzere umene mwaimamo, muwerenge atatuatatu.

Zina zimene zimaibweretsa sitingazisinthe: kukula, ndi kumtundu. Ngati bambo, mayi, malume kapena azakhali anu ali nayo, inunso muli pafupi. Anthu akuda ife imatipeza tili aang'ono kuyerekeza ndi mitundu ina, ndipo matupi athu ambiri samvana ndi mchere wochuluka. Matenda a impso ndi a shuga amayenderanso limodzi ndi BP. Koma zina zili m'manja mwathu: mchere, kunenepa kwambiri, kukhala pansi tsiku lonse, fodya, mowa, kusagona mokwanira. Ndipo musanamizidwe kuti ndi matenda a anthu onenepa kapena a mabwana okha. Ine ndine wochepa thupi, buluku langa ndi saizi 30.

3. Kuyezetsa moyenera

M'zipatala za boma kuyezetsa n'kwaulere, ndipo mafamase ambiri amayeza pa ndalama yochepa. Koma muyeso ukhoza kunama ngati sitinakonzeke. Izi ndi zimene anandiuza:

Kwa mphindi 30 musanayezetse, musamwe khofi kapena energy drink, musasute, musathamange.
Pitani kaye mukataye madzi. Chikhodzodzo chodzaza chimakweza manambala.
Khalani pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi, miyendo yosapingasa.
Mkono utsamire pa tebulo, molingana ndi mtima, lamba akhudze khungu osati pamwamba pa juzi.
Pamene akuyeza musalankhule, ndipo foni muiike kaye pansi.
Ngati mkono wanu ndi waukulu, nenani. Lamba wochepa amaonetsa BP yokwera kuposa mmene ilili.

Lembani manambalawo ndi deti lake m'kabuku ka kuchipatala kapena mu foni. Muyeso wa tsiku limodzi si chigamulo. Koma mukaona 180/120 kapena kupitirira apo, makamaka limodzi ndi mutu waukulu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kupweteka pachifuwa kapena kubanika, musadikire mawa.

4. Mchere: kawerengedwe kosavuta

WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku. Imeneyo ndi supuni imodzi yaing'ono ya tiyi yosadzaza bwino, kuphatikiza mchere wonse wa tsikulo, wa mundiwo ndi wobisika womwe. Anthu ambiri padziko amadya pafupifupi kuwirikiza kawiri. Mchere ukachuluka, thupi limasunga madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, mphamvu ya mkati n'kukwera.

Tiyeni tiwerengetse. Nyumba ya anthu asanu, aliyense magalamu 5, ndi magalamu 25 patsiku. Paketi ya magalamu 500 iyenera kutha masiku osachepera 20, ndipo kunena zoona iyenera kupitirira apo, chifukwa ana amafunika wochepa komanso mchere wina timadyera kunja. Lembani deti papaketi tsiku limene mwaitsegula. Kwathu tinali anthu anayi, paketi inatha m'masiku 12. Tinadabwa tonse.

Nanga wobisika uja ali kuti? Ine tsiku langa linkayenda chonchi: m'mawa buledi wopaka majarini, masana tchipisi cha pachiwaya chowaza mchere ndi tsabola, kanyenya madzulo poviika mu kamulu ka mchere kaja, usiku ndiwo zothira mchere komanso kakyubu kokometsera. Timakyubu timene tija gawo lalikulu ndi mchere. Ma noodles a m'mapaketi, masoseji, nsomba zouma zothira mchere, zokhwasula za m'mapaketi, monsemo muli wambiri. Ngakhale soda amene timathira mu therere kapena m'masamba kuti afewe ali ndi sodium, chinthu chomwecho chimene chili mu mchere chimene chimakweza BP.

Papaketi akalemba sodium, chulukitsani ndi 2.5 kuti mupeze mchere. Mamiligalamu 800 a sodium ndi magalamu 2 a mchere, pafupifupi theka la gawo lanu la tsiku lonse.

Zimene tinasintha kunyumba n'zochepa. Tinachotsa kambale ka mchere pamphasa. Ndiwo zikalowa kakyubu, mchere sulowanso. Nsomba zamchere timaziviika kaye m'madzi n'kutaya madziwo. Tinaonjezera anyezi, tomato, adyo, jinja ndi mandimu kuti ndiwo zikome. Masabata oyamba mlongo wanga ankati ndiwo zikukoma ngati za kuchipatala. Patapita mwezi lilime linazolowera, moti pano tchipisi cha pamsewu ndimachimva kuwawa mchere. Ndipo zakudya zimene zimathandiza n'zathu zomwe: nyemba, nandolo, nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, mbatata, nthochi, mapeyala. Muli potassium amene amathandiza thupi kutaya sodium. Okhawo amene ali ndi vuto la impso ayambe afunsa kuchipatala asanachulukitse zimenezi.

5. Ntchito, tulo ndi foni

Ntchito yanga ndi yokhala. Kuyambira 7 m'mawa mpaka 6 madzulo ndili pa stulu, maso pa foni, mtima uli m'mwamba kuopa kutumiza ndalama ku nambala yolakwika kapena kuberedwa ndi aja amaimba ngati ndi a kampani. Ambiri a ife tili choncho: telala pa makina, wa m'shopu, woyendetsa minibasi, wa muofesi, wophunzira amene akukonzekera mayeso. Langizo la WHO ndi lakuti munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kumeneko ndi kuyenda ndawala mphindi 30 kwa masiku asanu. Sizifuna jimu. Ine pano ndimatsika minibasi patali ndi kunyumba n'kumalizitsa wapansi, ndipo ndalama ya thiransipoti imatsalako. Mpira wa Lamlungu lokha sunali wokwanira kufafaniza masiku asanu ndi limodzi a pa stulu.

Za tulo ndiye ndinali wolakwa kwambiri. Bandulo ya usiku ndi yotchipa, ndiye ndinkagona cha m'ma 12 kapena 1 koloko ndikuyang'ana TikTok ndi mikangano ya mpira pa Facebook. Fajr kuno imalowa cha m'ma 4 koloko. Werengani nokha: maola atatu kapena anayi. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7. Tikagona, BP imatsika, mitsempha imapumako. Tikamagona pang'ono masiku onse, mpumulo umenewo supezeka. Ndiye masana tulo tikandigwira ndinkagula energy drink, nthawi zina awiri. Caffeine amene ali mmenemo amakweza BP kwa maola angapo, ndipo pakatha maola asanu pafupifupi theka lake limakhala likadali m'thupi. Womwa 4 koloko madzulo amakuletsa kugona usiku, mawa lake n'kufunanso wina. Unali mzere wozungulira umene ndinkaulipira ndi ndalama zanga zomwe.

Pano foni imagona pa chaja pabalaza ikakwana 9:30, alamu ndinagula ya wotchi. Si masiku onse ndimakwanitsa, ndisaname. Koma masiku amene ndakwanitsa ndi ochuluka kuposa amene ndalephera.

Chinanso: ngati akunyumba amakuuzani kuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumasiya kupuma kwa kanthawi muli m'tulo, kanenani kuchipatala. Vuto limenelo limakweza BP. Ndipo abale amene mukusuta ndudu kapena shisha mobisa, sindikuweruzani, koma dziwani kuti utsi umawononga mitsempha yomweyo imene BP ikuikankha.

6. Zoona zake za mapiritsi

Nditasintha zonsezi kwa miyezi itatu, BP inatsikako koma inakakamira cha m'ma 144/92. Anandiyeza shuga ndi mkodzo, kenako anandiyambitsa piritsi limodzi patsiku. Ndinadandaula, ndinati, "Adokotala, pa msinkhu wanga uno?" Anandiyankha kuti, "Achimwene, musankhe: piritsi limodzi m'mawa, kapena bedi lija munaona malume anu." Muyeso wanga womaliza unali 126/82.

Mankhwala amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala zathu ndi monga hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril. Aliwonse ali ndi zovuta zake zina. Oyambawo amakodzetsa pafupipafupi. Amlodipine amatupitsa mapazi mwa anthu ena. Enalapril amabweretsa kachifuwa kouma kwa ena, ndipo saloledwa kwa mayi woyembekezera. Mukaona zotere, bwererani kuchipatala akakusinthireni. Musangosiya.

Tsopano tiyankhe voice note ija mfundo ndi mfundo.

Akuti mapiritsi amawononga impso. Chimene chimawononga impso za anthu ambiri ndi BP yosasamalidwa pamodzi ndi shuga. Mankhwala a gulu la enalapril madokotala amawapereka dala kwa odwala shuga ena pofuna kuteteza impsozo, ndipo amayeza magazi nthawi ndi nthawi kuti aone mmene zikugwirira ntchito.

Akuti BP imatha m'masiku 21. Kwa anthu ambiri siitha, imangosamalidwa. Manambala akakhala bwino, ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, osati kuti mwachira. Mukasiya, imakweranso mwakachetechete. Kuchepetsa kapena kusiya mankhwala kumachitika nthawi zina, koma ndi dokotala amene amaona zimenezo atakuyezani kwa nthawi.

Akuti adyo ndi mandimu. N'zakudya zabwino, idyani. Ofufuza ena apeza kuti adyo atha kutsitsako BP pang'ono. Koma "pang'ono" sangagwire munthu amene BP yake imafika 170. Bodza loopsa limakhala lotero, limabwera litanyamula kachoonadi kakang'ono kutsogolo.

Samalaninso ndi mankhwala ogula tokha. Ibuprofen, amene ambiri timati Brufen, ndi diclofenac, akamamwedwa kawirikawiri amakweza BP ndipo amalemetsa impso. Mankhwala ena a chimfine otsegula mphuno nawonso amaikweza. Pogula, nenani kuti muli ndi BP.

Nanga Ramadhani? Funso limeneli limabwera chaka chilichonse. Anthu ambiri amene BP yawo ili bwino amatha kusala, ndipo mankhwala akumwa kamodzi patsiku nthawi zambiri amatheka kuwasunthira ku daku kapena ku futari. Koma pitani kuchipatala mwezi usanayambe mukagwirizane za nthawi yake, makamaka ngati mumamwa okodzetsa aja, chifukwa masiku otentha angakuumitseni thupi. Amene BP yawo siinakhazikike, kapena ali ndi vuto la impso, mtima kapena shuga, amve kaye kwa dokotala, kenako akafunse ashehe za chilolezo chimene wodwala ali nacho. Ndipo pa futari tisabwezere mchere wa tsiku lonse mu masambusa ndi tchipisi.

7. Kwa alongo athu

Mimba ikapitirira masabata 20, BP itha kukwera mwadzidzidzi ngakhale kwa mtsikana amene sanadwalepo. Vutoli amalitcha pre-eclampsia, ndipo likanyalanyazidwa limabweretsa kukomoka ndi kugwedezeka, n'kuika moyo wa mayi ndi mwana pachiswe. N'chifukwa chake ku sikelo amayeza BP ulendo uliwonse. Mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona timadontho kapena chimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kupweteka pamwamba pa mimba kumanja: zimenezi si za "mimba imatero". Pitani tsiku lomwelo. Vutoli limathanso kubwera m'masiku oyamba mwana atabadwa. Amuna, iyi ndi nkhani yathunso, chifukwa nthawi zambiri ndife timanena kuti "tidikire kuche". Komanso mapiritsi ena akulera amakweza BP, ndiye yezetsani musanayambe ndiponso muli pakati pomwa.

8. Kuzindikira sitiroko

Kwa malume, maola amene anatayika kunyumba ndi amene amandiwawa kwambiri. Palibe amene anali ndi mtima woipa, kungoti palibe amene ankadziwa. Ndiye loweza izi, uphunzitsenso akunyumba:

Nkhope: muuzeni amwetulire. Kodi mbali imodzi yagwa?
Mikono: akweze yonse iwiri. Kodi umodzi ukutsika wokha?
Mawu: anene chiganizo chachifupi. Kodi akumveka ngati lilime lalemera, kapena akusowa mawu?
Nthawi: mukaona chimodzi chokha mwa izi, yang'anani wotchi, sungani nthawi imene zayambira, pezani galimoto.

Musamupatse chakudya, madzi kapena mankhwala alionse, chifukwa kumeza kumavuta ndipo atha kutsamwa. Ngakhale aspirin musapereke. Sitiroko ili mitundu iwiri, ya kutsekeka kwa mtsempha ndi ya kuphulika kwa mtsempha, ndipo aspirin amaonjezera kutaya magazi pa yachiwiriyo. Ngati akuoneka kuti akukomoka, mugonekeni chammbali. Zizindikiro zikatha zokha patapita mphindi zochepa, pitanibe, chifukwa limenelo limakhala chenjezo la yaikulu. Dua tichite tili m'galimoto, tikupita.

9. Chala chisanadine

Tonse tinaphunzira ku madrasa ndime 6 ya Surah Al-Hujurat, ija imatilangiza kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu, kuopa kuvulaza anthu mosadziwa n'kudzanong'oneza bondo. Ine ndinkaiona ngati ya miseche ndi mikangano basi. Sindinaganizepo kuti ikukhudzanso batani la forward. Lero uthenga wa zaumoyo ukandipeza, ndimadzifunsa mafunso anayi:

Wanena ndani? Ali ndi dzina, ndi malo ogwirira ntchito amene ndingawapeze?
Kodi ukuuza munthu kuti asiye mankhwala a kuchipatala? Ukatero, umathera pa ine.
Kodi ukulonjeza kuchiza matenda ambirimbiri ndi chinthu chimodzi, kapena ukumaliza ndi nambala yoti ugulepo?
Munthu amene ndimamukonda akautsatira, uthengawo n'kukhala wabodza, chingamuchitikire n'chiyani?

Funso lomalizali ndikanadzifunsa tsiku lija, zikanatenga masekondi khumi. Kumbukirani kuti makolo athu amakhulupirira zimene ifeyo tatumiza, osati chifukwa cha wolankhulayo, koma chifukwa zachokera kwa mwana wawo amene anapita kusukulu ndipo amadziwa za foni. Malume sanakhulupirire dokotala wopanda dzina uja. Anakhulupirira ine.

Ndipo ngati munatumizapo kale zotere, bwererani kugulu lomwelo mukalembe kuti, "Uthenga uja ndinatumiza unali wolakwika, chonde musasiye mankhwala." Zimachititsa manyazi pang'ono, ndikudziwa. Ine ndinalemba mochedwa ndi miyezi inayi.

Ntchito ya sabata ino

Choyamba, kayezetseni BP Lachisanu lisanafike, mulembe manambala ndi deti. Chachiwiri, imbirani foni munthu mmodzi wamkulu kwanu amene amamwa mankhwala a BP kapena shuga. Musafunse kuti "muli bwanji" basi. Funsani kuti, "Mankhwala munakatenga liti komaliza? Atsala angati?" Ngati vuto ndi thiransipoti kapena wosiyira golosale, apo ndi pamene tingathandize zenizeni. Chachitatu, lembani deti papaketi ya mchere. Pa 17 May chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira matenda a BP padziko lonse. Anyamata ndi atsikana a m'madera, bwanji tikambirane ndi azaumoyo a kufupi nafe kuti tsiku lina adzayeze anthu pabwalo la mzikiti ikatha swala ya Ijuma?

Mwezi watha ndinapita ku Mangochi. Ndinapeza malume pakhonde akuphunzira kugwira supuni ndi dzanja lamanzere, kabotolo ka mapiritsi kali pambali pa wailesi. Anandifunsa pang'onopang'ono kuti, "Iwe, ako wamwa?" Ndinati ndamwa, a Malume. Anagwedeza mutu, n'kupitiriza kulimbana ndi supuni yawo.

Muwakumbukire m'ma dua anu, pamodzi ndi odwala onse. Allah atipatse thanzi ndi nzeru zolisamalira. In shaa Allah tikumananso sabata yamawa.

Wassalamu alaykum warahmatullah.